Juzi ya pulasitiki ndi agogo a ku Mayo

Mwezi wa May ukamatha, mayi anga amayamba kudandaula za kuzizira kwa ku Dedza ngati kuti akukumva koyamba. Chaka chatha anawonjezerapo mawu pa foni: "Iwe uli kudziko la nkhosa. Undigulireko juzi yeniyeni ya komweko, za pa kaunjika zandikwana." Ndinavomera msangamsanga, osadziwa kuti mawu oti "yeniyeni" andiyendetsa mtunda.

Kuno ku Ireland ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, m'boma la Mayo, kumadzulo, kumene mvula imabwera chopingasa ndi mphepo ya kunyanja. Tsiku lina nditapita ku Dublin kukakonzetsa mapepala, ndinalowa m'sitolo ya alendo odzaona malo, imodzi mwa zija zodzaza makapu obiriwira ndi tizidole ta nkhosa. Pakhoma panali majuzi oyera ngati mkaka, okhuthala, okhala ndi zingwezingwe zopiringizana zotsika pachifuwa. Amenewa ndiwo amati majuzi a Aran. Ndinasankha imodzi, n'kulipira ma euro 45, ndipo m'basi yobwerera ndinkangoisisita m'jumbo, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa agogo ena amene ndimawasamalira, a zaka zopitirira 80, kuti akandiyamikire. Sanayang'ane n'komwe kutsogolo kwake. Anaitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuyendetsa chala mumsoko, n'kuinunkhiza, kenako anapeza kalebulo kakang'ono kam'mbali kamene ine sindinakaone. Anavala magalasi, anawerenga, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga," anatero, "nkhosa imene inapereka ubweya uwu ndi ya pulasitiki." Ulusi unali wa acrylic, ndipo juziyo inalukidwa ndi makina kudziko lina la ku Asia. Cha ku Ireland chinali chithunzi cha pa lebulo yaikulu basi. Manyazi anandigwira, ine mwana wa ku Dedza amene pa kaunjika ndimadziwa kusiyanitsa jekete yabwino ndi yachabe ndili chapatali.

Atatha kuseka anandituma kuchipinda kuti ndikatsegule dirowa ya pansi. Munali juzi yachikasu pang'ono chifukwa cha zaka, yolemera ngati mwana wakhanda, yomveka kafungo ka khola. Anailuka okha ali mtsikana. Kafungoko ndi ka mafuta a nkhosa amene kale sankawachotsa onse mu ubweya, kuti madzi a mvula azingotsetsereka. Ulusi wosanyika utoto woterowo amautchula báinín, kuchokera ku mawu a chinenero chawo otanthauza kuyera. Anandiuza kuti kwawo kunkabwera munthu ndi galimoto, kusiya ulusi atauyeza pa sikelo, n'kudzabweranso patapita masabata kudzatenga majuzi, kuwayezanso kuti aone ngati wina wabisako ulusi. Ankaluka usiku pafupi ndi moto wa dothi lakuda la m'dambo, limene amalidula ngati njerwa n'kuliumitsa kuti likhale nkhuni. Ndalama yake inali yochepa zedi, koma ndi imene inkagula shuga ndi nsapato za kusukulu. Kunena mwachidule, anali ganyu.

Dzina la Aran ndi la zilumba zitatu za pafupi ndi mzinda wa Galway: Inis Mór, Inis Meáin ndi Inis Oírr. M'masitolo a alendo adzakuuzani kuti banja lililonse la kumeneko linali ndi kalukidwe kake, kuti msodzi akamira m'nyanja azimuzindikira ndi juzi. Nditafunsa agogo za nkhaniyi anangopukusa mutu n'kunena kuti ndi nthano yogulitsira malonda. Ambiri amati inachokera m'sewero lina la mu 1904, momwe mtsikana amazindikira sokosi ya mchimwene wake womira chifukwa cha pamene mtsikanayo analakwitsa poluka. Majuzi enieniwo si akalekale monga amanenera, anayamba kuoneka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chimene chinawatchukitsa kunja ndi gulu la oimba la Clancy Brothers, limene linaonekera pa TV ku America mu 1961 litavala majuziwa. Amati anawatumizira ndi mayi awo atamva kuti ku New York kukuzizira. Apa ndinaseka ndine, poti kwa ife wozizidwa ndi mayi, wotumiza ndi mwana.

Yolukidwa ndi manja ikadalipo, koma mtengo wake ndi ma euro mazanamazana, chifukwa munthu amaikhalira masabata. Pa malipiro anga, lendi ndi fizi ya ana a achimwene, zimenezo zinali maloto. Agogo anati ndisiye za juzi, ndipite ku Foxford ndikagule bulangete.

Foxford ndi katauni kakang'ono m'boma lomwe lino la Mayo, m'mphepete mwa mtsinje wa Moy. Ndinapitako Loweruka lina ndi mnzanga wa ku Zomba amene ali ndi galimoto. Fakitale ya mabulangete ya kumeneko inayamba mu 1892, ndipo anaiyambitsa ndi sisitere, Mother Agnes Morrogh-Bernard wa chipani cha Sisters of Charity. Atafika m'derali anapeza umphawi wadzaoneni, anthu akugona nyumba imodzi ndi ziweto, achinyamata akuthawira ku England ndi ku America. Iye anaona mtsinje wothamanga ndi nkhosa m'mapiri, n'kuganiza zoti madziwo azizunguza makina. Za kuomba nsalu sankazidziwa, choncho anapempha nzeru kwa John Charles Smith, mwini fakitale wa ku Tyrone, yemwe sanali Mkatolika n'komwe, nthawi imene mipingo iwiriyi inkaonana ndi diso lofiira. Ngongole anaitenga ku bungwe la boma lothandiza madera osauka a kumadzulo, la Congested Districts Board. Fakitaleyo inagwa mu 1987, anthu a m'derali n'kuidzutsanso, ndipo mpaka lero makina akulira.

Chimene chinandikhudza n'chakuti zambiri mwa zinthu zimene lero azungu olemera amazilimbirana zinabadwira m'njala. Pakati pa 1845 ndi 1852 matenda anaononga mbatatesi, yomwe ija timailima ku Dedza ndi ku Ntcheu n'kumaitchula "ayirishi", ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, miliyoni ina n'kuthawa m'dziko. Fakitale ya mbale ndi makapu ya Belleek inayamba mu 1857 pofuna kupatsa ntchito anthu otsala pa njalayo. Zoluka zopyapyala za ku Kenmare, zonga madoilo athu koma zosalala kwambiri, anaphunzitsa ndi masisitere kuti atsikana apezeko kangachepe. Nditaima m'sitolo ya ku Foxford, pakati pa alendo ojambula zithunzi, ndinakumbukira mayi anga akuluka zipewa za ana ndi masipoko a njinga, n'kumakagulitsa tsiku la sikelo. Ife ana tinkachita nazo manyazi.

Bulangete ndinagula, lofiira ndi mizere yotuwa. Koma mtima sunakhazikike, chifukwa pa lebulo panalembedwa kuti ubweya ndi wa merino, ndipo merino si nkhosa zimene ndimaziona tsiku ndi tsiku m'mbali mwa msewu.

Yankho ndinalipeza kwa mwana wa agogo aja, bambo woweta nkhosa za nkhope yakuda kuphiri. Tsiku lina anandilowetsa m'shedi mwake n'kundionetsa matumba akuluakulu a ubweya ataunjikana mpaka kudenga, ena a zaka ziwiri. Anati mtengo umene ogula amapereka sukwanira n'komwe kulipira wometa nkhosa, koma kumeta sangasiye, chifukwa nkhosa yosameta imagwidwa mphutsi m'chilimwe. Ubweya wa nkhosa za kuphiri ndi wokhakhala, umayabwa pakhosi, woyenera makapeti. Ogula a masiku ano amafuna zofewa, ndiye mafakitale ambiri amaitanitsa merino kuchokera ku Australia ndi maiko ena akutali. Pali mtundu wa nkhosa wa kuno weniweni, wa Galway, ndipo pali alimi amene agwirizana kuti ubweya wake uyambenso kugulidwa pa mtengo wabwino. Bamboyo ankalankhula akukankha thumba ndi phazi, ndipo ine ndinkangoona alimi a thonje a ku Balaka akudikira ogula. Ndiye mukamva kuti "chopangidwa ku Ireland", nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti manja ndi makina ndi a kuno, nkhosa ndi ya kwina. Ineyo sindikuona ngati ndi chinyengo, bola azilemba poyera. Chinyengo ndi cha sitolo ija ya ku Dublin.

Ku Waterford sindinafikeko, koma nkhani yake aliyense wamkulu kuno amaidziwa. Matambula onyezimira a kumeneko anayamba mu 1783 ndi banja la Penrose, fakitale n'kutsekedwa mu 1851. Amene anadzaidzutsa mu 1947 anali wobwera ngati ife, Charles Bacik wa ku Czechoslovakia. Mu 2009 fakitale yaikulu inatsekedwanso, antchito n'kukhala mkati masabata angapo kukana kutuluka. Lero dzinalo lili m'manja mwa kampani ya Fiskars ya ku Finland, ndipo ngakhale mumzindamo muli kafakitale kamene alendo amakaona amisiri akusema magalasi, katundu wambiri amapangidwa kunja, monga ku Slovenia.

Kumene ndinakhutira ndi ku Donegal, kumpoto chakumadzulo. Kumeneko amaomba nsalu ya ubweya yokhuthala yotchedwa tweed, ya majekete ndi zipewa za madala. Kampani ya Magee yakhala pa malonda amenewa kuyambira 1866, ndipo m'matauni a Ardara ndi Kilcar muli mabanja amene akuombabe. Ndinalowa m'chipinda china momwe bambo wachikulire ankaomba ndi makina amatabwa, opanda magetsi. Mapazi akuponda timatabwa pansi, dzanja limodzi likukoka chingwe, kabwato ka ulusi kakuuluka uku ndi uku, dzanja linalo likumenya ulusi kuti ukhazikike. Phokoso lake ndi kha-kha, kha-kha, ngati amayi awiri akusinja mtondo umodzi. Sankayang'ana n'komwe manja ake, ankacheza nafe, koma ulusi umodzi utaduka pakati pa mazanamazana anaima pompo, n'kuulumikiza ndi kamfundo kamene sindinathe kukaonanso.

Nsaluyo ukaiona patali ndi yotuwa chabe. Ukaiyandikira umapeza timadontho tofiira, tachikasu, tobiriwira, tabuluu, timibulu ta ubweya tonyikidwa patokha timene amatisakaniza popota ulusi. Chizindikiro cha Donegal n'chimenecho. Vuto lawo n'lakuti aliyense padziko angathe kuomba nsalu ya timadontho n'kuitchula Donegal. Anzawo a ku Scotland anatchinjiriza Harris Tweed ndi lamulo la 1993, loti nsalu ya dzinalo iziombedwa ndi manja m'makomo a pa zilumba zawo zokha. A ku Donegal akhala akumenyera zofanana ndi zimenezo, ndipo lamulo la European Union la mu 2023 loteteza maina a ntchito zamanja lawatsegulira khomo. Pobwerera ndinkadzifunsa kuti mipando ya nsungwi ndi mlaza ija imene kunja amaigulitsa ndi dzina la Malawi, ndani amaonetsetsa kuti yalukidwadi kwathu.

Ku Kilcar ndinagula mipukutu isanu ndi umodzi ya ulusi wa timadontho, wopotedwa komweko. Iwiri ndinasunga. Agogo aja tsopano akundiphunzitsa kaluke ka zingwe, kamene amati kamaimira zingwe za asodzi: umachotsa maso atatu n'kuwasunga pa kasingano kachitatu kokhota, n'kuluka otsatira, kenako n'kubwerera kwa aja unasunga. Manja awo ananjenjemera kale, sangagwirenso singano, ndiye amaluka ndi pakamwa. "Wakoka kwambiri, masula. Ukuluka juzi kapena ukumanga mbuzi?" Ndikalakwitsa amandiuza kuti ndimasule mizere yonse mpaka pamene panalakwika, ngakhale ikhale khumi. Nditawauza kuti ine ndinaphunzira ndi masipoko a njinga ndili Sitandade 4, sanadabwe. Anati iwo anayambira pa nthenga za tsekwe.

Katundu anapita ndi mnzanga wina amene ankabwera kumudzi mu June. Juzi ya pulasitiki ija sindinataye, ndinapatsa mlongo wanga wa kabaza, ndipo akuti m'mawa pa siteji anzake amamusirira. Mayi analandira bulangete la ku Foxford ndi mipukutu inayi ya ulusi. Patapita sabata ndinawaimbira kufunsa ngati likufunda.

"Ndi labwino kwambiri," anatero. "Ndaliika m'sutikesi."

"M'sutikesi bwanji, amayi? Kukuzizira ndi pano."

"Iwe, bulangete ngati limenelija n'kumafunda tsiku lililonse? N'la alendo limenelo."

Iwo akufundabe lakale lija la pa kaunjika. Koma ulusi anaumaliza m'masabata atatu, zipewa zinayi ndi kajuzi ka mdzukulu, ndipo amayi a kumpingo akufunsa kumene anaupeza ulusi wa timadontho. Anandiuza kuti ulendo wina ndisavutike ndi mabulangete, nditumize ulusi wokhawokha, wobiriwira ukhalepo wambiri.