Raging Bull: Filimu Yosabisa Zofooka za Jake LaMotta

Ndaoneranso Raging Bull, filimu ya Martin Scorsese imene inatuluka mu 1980, ndipo ndikuvomerezana ndi akatswiri openda mafilimu amene amaiika pakati pa mafilimu apamwamba kwambiri a ku America. Imafotokoza moyo wa Jake LaMotta, woponya nkhonya wa ku Bronx mumzinda wa New York, amene anatenga lamba wa dziko lonse wa middleweight (gulu la oponya nkhonya olemera pakatikati) mu 1949 atagonjetsa Marcel Cerdan.

Amene akufuna nkhani ya mmphawi wodzalemera chifukwa cha khama adzakhumudwa, chifukwa Scorsese sanam'bisire kalikonse mwini nkhaniyo. LaMotta amene Robert De Niro akutionetsa ndi munthu wodyedwa mtima ndi nsanje, wopanikiza mkazi wake Vickie ndi mafunso osatha mpaka kum'menya, ndipo tsiku lina akukathyola mtendere kunyumba kwa mng'ono wake Joey, n'kum'bwanyula pamaso pa mkazi ndi ana ake pongom'ganizira kuti akuyenda ndi Vickie. Pamenepa m'pamene mtima wanga unawawa kwambiri, popeza Joey, amene Joe Pesci wam'sewera mwaluso, ndiye ankayendetsa ntchito yonse ya mkulu wakeyo.

Pafupifupi filimu yonseyi inajambulidwa yakuda ndi yoyera, ndipo kamera imalowa m'bwalo la nkhonya momwemo, moti woonera amamva ngati zibakera zikum'gwera iyeyo. Pa nkhonya ya mu 1951 ku Chicago, Sugar Ray Robinson akum'khoma LaMotta atatsamira zingwe m'chigawo cha 13, koma iye akukana kugwa, ndipo kamera ikuima pa magazi akudontha pachingwe. Thelma Schoonmaker analandira mphoto ya Oscar chifukwa cholumikiza zithunzi zimenezi, pamene De Niro analandira yake atadzinenepetsa ndi makilogalamu pafupifupi 27 kuti afanane ndi LaMotta atasiya nkhonya.

Chimene sichinandikhutiritse n'chakuti Vickie, ngakhale Cathy Moriarty wachita bwino, sanapatsidwe mpata wokwanira woti timve za kumtima kwake, moti nthawi zambiri timam'ona kudzera m'maso a mwamuna wansanjeyo. Kutukwana ndi nkhanza za m'banja zachulukanso, choncho si filimu yoonera pamodzi ndi ana. Akuluakulu okha aionere usiku kuli zii, ndipo adikire pamene LaMotta, atatsekeredwa m'chitokosi ku Florida, akumenyetsa mutu ndi zibakera kukhoma uku akulira kuti iye si nyama.