Nyumba zolandidwa ku Joni: kwa sherifu, kubanki, kapena kwa mwiniwake asanalandidwe?

Ambirife amene takhalitsa kuno ku Joni lendi yatikwana, ndipo tikamva zoti nyumba ya munthu amene walephera ngongole ikupita motchipa, mtima umadumpha. Njira zogulira nyumba zoterezi zilipo zitatu. Ine pozisiyanitsa ndimayamba ndafunsa kuti m'nyumbamo mukugona ndani, za mtengo zimabwera pambuyo.

Okushoni ya sherifu, amene amagulitsa katundu molamulidwa ndi khoti, ndiyo imakopa anthu kwambiri. Khoti likalamula, nyumba amailengeza mu Government Gazette ndi m'nyuzipepala. Mukapambana mumalipira dipoziti ya 10 peresenti tsiku lomwelo, kuphatikizapo komishoni ya sherifu: 6 peresenti pa R100,000 yoyamba, 3.5 peresenti kufikira R400,000, ndi 1.5 peresenti pa zotsalazo. Pa nyumba ya R600,000 ndiye kuti R19,500, VAT isanalowe. Ndalama zotsala zimafunika chitsimikizo cha banki, kawirikawiri m'masiku 21, choncho si malo opitako ngongole musanaipeze. Nyumba mumaigula momwe ilili, kunoko amati voetstoots, ndipo nthawi zambiri m'kati simunalowemo n'komwe. Kutchipa kwa kale kuja kunachepanso kuyambira mu Disembala 2017, pamene lamulo la makhoti lotchedwa Rule 46A linapatsa khoti mphamvu yoika mtengo woyambira pa nyumba imene mwiniwake akukhalamo.

Ndiye pali ngongole za kukhonsolo. Nyumba singalembedwe m'dzina lanu mabilu a zaka ziwiri zapitazo asanalipidwe, ndipo kwa sherifu katundu ameneyu amakonda kugwera wogula. Khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa Jordaan mu 2017, linagamula kuti khonsolo isamavutitse mwini watsopano ndi ngongole zakale za amene anachoka, koma zaka ziwiri zija zilipobe. Ikakhala fulati ya ku Hillbrow kapena Yeoville, onjezaniponso malevi (ndalama za mwezi ndi mwezi zosamalira chinyumba chonse) amene sanalipidwe, omwe nthawi zina amameza phindu lonse.

Ndinapitako kukaona nyumba ina ku Turffontein kutatsala masiku ochepa kuti igulitsidwe. Ndinangoima pageti. Kuseri kunali zipinda zisanu zochitira lendi, mawaya amagetsi atachoka pawindo limodzi kupita lina, mayunifolomu a ana ali pachingwe, mayi wina akutsuka mapoto pampopi. Anandilonjera m'Chichewa. Zoti nyumbayo ikugulitsidwa sankadziwa, lendi ankaperekabe mwezi uliwonse. Ndinabwerera pomwepo. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kutulutsa anthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti, silikulolani kusintha loko kapena kutulutsa katundu wa munthu. Muyenera kupita kukhoti ndi loya, kudikira miyezi, uku banki ikudula kale ngongole yanu. Ndipo ngakhale khoti litavomera, amene mukuwatulutsawo ndi anthu onga ife tomwe.

Nyumba imene ili kale m'manja mwa banki, ija banki inadzigulira yokha pa okushoni chifukwa panalibe wofika mtengo, ili ndi mpumulo wake. Mumapereka mtengo wanu kudzera kwa ejenti, mumakhala ndi nthawi yofunsira ngongole, ndipo kawirikawiri mabilu akale banki imalipira. Vuto lake n'kukhalitsa yopanda munthu: giza yotenthetsera madzi anazula, mapaipi a kopa anapita, zitseko zinathyoledwa. Tengani mmisiri mukaione limodzi. Werenganinso pangano bwinobwino, chifukwa nyumba zina zimakhala zili ndi anthu ndipo banki sikulonjeza kuwachotsa.

Njira yachitatu ndi imene ine ndingalangize m'bale wanga amene akugula koyamba. Mwini nyumba akaona kuti zathina, amagwirizana ndi banki kuti aigulitse isanafike kwa sherifu. FNB imaitcha Quick Sell, Standard Bank EasySell, Absa HelpUSell. Kutsika kwa mtengo n'kochepa, osayembekezera zodabwitsa. Koma mumalowa m'nyumba, kutsegula mipopi, kuyang'ana denga, kukhala pansi ndi mwiniwake n'kugwirizana tsiku losamuka. Iyenso amatuluka ndi ulemu wake, ngongole yake itachepa kuposa momwe ikanachepera pa okushoni.

Musanayende njira iliyonse mwa zitatuzi, pitani kaye kubanki ndi pasipoti ndi pemiti yanu. Kwa amene alibe chilolezo chokhazikika kuno, mabanki amakonda kufuna dipoziti yaikulu, nthawi zina theka la mtengo wa nyumbayo.