Ndamanga VS Code ndekha kuchokera pa source code, nazi zomwe ndaona

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito VS Code (Visual Studio Code, editor ya Microsoft yolembera code ya mapulogalamu) kwa zaka ndithu, tsiku lililonse ndimatsegula m'mawa kutseka usiku, koma sindinayambe ndaganizapo kuti mkati mwake muli chani. Sabata yathayi ndinangoti ayi, popeza anthu amati ndi open source, kutanthauza kuti code yake ili poyera, ndiyese kuimanga ndekha (kusandutsa code imeneyo kukhala pulogalamu yoyenda) pa laputopu yangayi ndione ngati zimenezo ndi zoona kapena ndi nkhani chabe. Ndiye ndikulemba apa kuti amene mukufuna kuyesa mudziwiretu zomwe mukukalowamo.

Choyamba chimene chinandidabwitsa nchakuti zomwe umamanga kuchokera pa GitHub, mu repo (mosungira code) ya microsoft/vscode, dzina lake si Visual Studio Code ayi. Imatuluka ndi dzina loti Code - OSS. Microsoft anatulutsa editor imeneyi mu 2015, ndipo chaka chomwecho anaika code yake poyera pansi pa laisensi ya MIT, ndiye aliyense atha kuitenga, kuisintha, kuigawa. Koma ija timadawunilodi pa webusaiti yawo ija imamangidwa kuchokera pa code yomweyi nkuwonjezerapo logo yawo, telemetry (kutumiza kwa iwo deta ya mmene mukuigwiritsira ntchito), Marketplace yotengako ma extension (tizowonjezera ta editor), ndipo imabwera ndi laisensi ina yosiyana. Kusiyanako kwambiri kumakhala mu kafayilo kamodzi kotchedwa product.json. Nditatsegula kafayilo kameneka ndinakhala kanthawi ndikungokawerenga, dzina la pulogalamu, dzina la foda yosungira zinthu zako, zonse zili momwemo poyera.

Ine ndili pa Linux ndiye ndifotokoza za kumeneko. Ukufunika Git, Node.js, Python komanso compiler ya C++. Mwina mufunsa kuti Python ndi C++ akulowa bwanji pamene pulogalamuyi inalembedwa mu TypeScript, nanenso ndinadzifunsa zomwezo. Nkhani yake ndi yakuti VS Code imayenda pa Electron, amene ndi Chromium kuphatikiza Node.js, ndipo pali tizidutswa tina timene timayankhula ndi makina mwachindunji, monga node-pty amene amayendetsa terminal ya mkati ija, ndi native-keymap amene amawerenga mmene kiyibodi yako inayalidwira. Timeneti timakompailidwa pa kompyuta yako pomwepo pogwiritsa ntchito node-gyp, ndipo node-gyp ndi amene amafuna Python. Pa Windows amafuna Build Tools za Visual Studio, pa Mac ndi ma command line tools a Xcode.

Pokopera code ndi git clone ndinaika --depth 1, kuti isatenge mbiri yonse, chifukwa mbiri ya repo imeneyi ndi yaitali zedi, zaka zonsezi anthu akuponya ma commit (zosintha za mu code) tsiku ndi tsiku, ndipo ine sindimafuna mbiriyo. Langizo langa, musayambe ndi main, nthambi yaikulu imene amaikamo zosintha zatsopano. Tengani tag ya version imene inatulutsidwa kale, chifukwa main imasintha maola aliwonse ndipo zikakanika simudziwa ngati vuto ndi lanu kapena mwangogwera pa commit yosakhazikika. Komanso musaike foda yanu pa malo amene dzina lake lili ndi space, node-gyp samagwirizana nazo zimenezo.

Kenako npm install, lamulo lokoka ndi kuika tizidutswa tonse timene code imadalira. Apa mpamene ndinathera nthawi yambiri. Ulendo woyamba inandiimitsa pomwepo kuti Node yanga siyoyenera. Mu repo muli fayilo ya .nvmrc imene imanena version yeniyeni imene akufuna, ndiye ndinangopanga nvm install kenako nvm use (nvm ndi chida chosinthira ma version a Node) nkuyambiranso, zimenezo sizinavute. Mukaona ma tutorial akale akukuuzani za yarn m'malo mwa npm muwasiye, polojekitiyi inasamukira ku npm. Ulendo wachiwiri inayenda mphindi zingapo, ine nkumati zatheka, kenako sikirini yonse inadzadza ndi malemba, gyp ERR! gyp ERR! mizere yosawerengeka. Ukangoyang'ana pansi penipeni suona kanthu kothandiza, uyenera kukwera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka upeze pomwe zinayambira kusokonekera. Ine ndinakwera mpaka ndinapeza kamzere kamodzi konena kuti xkbfile sakupezeka mu pkg-config. Basi vuto lonse linali limenelo, ndinalibe libxkbfile-dev. Nditaika imeneyo inadzaimanso pa gssapi.h, apa inali kerberos ikufuna libkrb5-dev. Pamenepo ndinabwerera ku wiki ya VS Code pa GitHub, tsamba la How to Contribute, nkupeza kuti zonsezi analemba kale pa mzere umodzi, build-essential, libx11-dev, libxkbfile-dev, libsecret-1-dev, libkrb5-dev. Chonde anzanga werengani tsamba limenelo kaye musanagwire chilichonse, ndi lolembedwa bwino ndipo likupulumutsani maola.

Install itatha bwino ndinapanga npm run watch. Apa fani ya laputopu inayamba kulira mosalekeza, makina kutentha, RAM yanga ya 8 GB inatsala pang'ono kudzadza moti ndinatseka browser kuti ipume. Umangodikira mpaka uone mawu oti Finished compilation, ndipo terminal imeneyo suitseka, imakhala ikuyang'anira mafayilo kuti ukasintha kanthu ikompailenso pomwepo. Pa Linux mutha kukumana ndi error yoti ENOSPC, musathamangire kufufuta zinthu poganiza kuti disk yadzadza, ndi malire a inotify (choyang'anira mafayilo cha Linux) amene achepa, mumangokweza fs.inotify.max_user_watches kufika 524288 zimatha.

Mu terminal ina ndinalemba ./scripts/code.sh. Inayamba yadawunilodi Electron kaye, kenako windo linatseguka. Abale, chimwemwe chimene ndinamva pamenepo nchovuta kufotokoza. Editor yomwe ija, mabatani omwe aja, koma yotuluka m'makina anga. Chinandisangalatsanso nchakuti siikhudza VS Code yanga ya masiku onse, ma setting ake imasunga mu foda yakeyake ya code-oss-dev, ndiye utha kuwononga mmene ungafunire ntchito yako ili bwinobwino.

Ndiye ndinayamba kuyendayenda mu src/vs. Anakonza mwadongosolo kwambiri, muli base, platform, editor, workbench. Mu editor ndi momwe muli Monaco, kagawo kamene umalembamo code kaja, kamenenso mawebusaiti ena amakagwiritsa ntchito paokha. Mu foda ya extensions ndinapeza kuti zinthu zimene ndinkaziona ngati mbali ya editor, monga Git ndi Markdown preview, ndi ma extension basi. Ndinafufuza mawu a pa tsamba la Welcome, ndinawapeza ali mkati mwa localize(), ndinawasintha nkulemba kuti Takulandirani, kusevu, kudikira timasekondi kuti watch imalize, kenako Reload Window. Mawu anga anaonekera pa sikirini. Ndi kanthu kakang'ono ndikudziwa, koma kuyambira pamenepo ndinasiya kuiona pulogalamuyi ngati bokosi lokhoma. Mungathenso kutsegula Developer Tools ngati za mu Chrome nkumaona chilichonse chikuchitika, kuika ma breakpoint mu code ya editor yeniyeniyo.

Tsopano pomwe anthu ambiri angakhumudwe. Mukapita pa Extensions nkusaka kanthu, simupeza chilichonse, chifukwa Code - OSS sinalumikizidwe ku Marketplace, ndipo malamulo a Marketplace amati ndi ya mapulogalamu a Microsoft okha. Njira zilipo ziwiri, kuika fayilo ya extension (.vsix) pamanja, kapena kulemba adiresi ya Open VSX, malo ena otengako ma extension, mu product.json. Open VSX imayendetsedwa ndi Eclipse Foundation ndipo ma extension ambiri otchuka alipo. Koma ena monga Pylance, Remote - SSH ndi Live Share si open source, laisensi yawo imawamangirira ku VS Code yeniyeni. Ine pa C++ ndinaika clangd ndipo yandikwanira, pa Python pali Pyright. Ngati ntchito yanu yonse imadalira kulowa mu seva kudzera pa Remote - SSH, yesani kaye zolowa m'malo mwake musanasamuke.

Kupanga package yoti muinsitole ngati pulogalamu yeniyeni ndi nkhani ina, imadutsa mu chida cha gulp, pa lamulo la vscode-linux-x64, ndipo imadya memory kuposa watch. Kwa ine inafa ndi heap out of memory, makina anga anachepa mphamvu, sindinalimbane nayo. Komanso ganizirani kuti mukamanga nokha palibe update imene ibwere yokha, version yatsopano ikatuluka ndi inuyo kukoka code, npm install, kumanganso.

Ndiye ngati cholinga chanu nkungofuna editor yopanda telemetry yoti muzigwirira ntchito, tengani VSCodium. Anthu amenewo amachita ntchito yonseyi m'malo mwanu, amamanga kuchokera pa code yomweyi, amazimitsa telemetry, amalumikiza Open VSX, inu kungodawunilodi. Ndi imene ndaika pa ntchito zanga pano. Koma ngati mukuphunzira TypeScript kapena mukufuna kuona mmene pulogalamu yaikulu imakonzedwera, mangani nokha, ntchito yomangayi ine ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kulemera kwake pa makina ang'onoang'ono. Foda ija sindinaifufute, usiku uno ndikuwerenga ma issue (mavuto ofunika kukonza) amene anawaika chizindikiro cha good first issue, oyenera oyamba kumene, pali imodzi ya terminal imene ndikuona ngati ndingaikwanitse.