Ndemanga yanga pa mabuku a Singapore Math: ndi abwino, koma amafuna kholo likhale pafupi

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Makolo anzanga amene mukuganiza zophunzitsa ana pakhomo, ndikudziwa kuti chimene chimazunguza mutu poyamba ndi kusankha mabuku. Pa maphunziro ena ndimayankha mosamala, koma pa masamu yankho ndili nalo. Ife timagwiritsa ntchito Primary Mathematics, amene ambiri amangowatchula kuti Singapore Math. Mwana wathu wamkulu adayambira pa buku la 2A (nambala ikuimira chaka, ndipo A ndi B ndi zigawo ziwiri za chakacho) ndipo pano ali pa 5B, pomwe mlongo wake wamng'ono adayamba nawo kuchokera pa 1A. Ndalama tidalowetsapo zambiri ndithu, koma sindidandaula nazo. Komabe munthu akandifunsa ngati awagule, ndimayamba ndamufunsa kuti ali ndi mpata wochuluka bwanji wokhala pansi ndi mwana tsiku ndi tsiku, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mabukuwa adawalemba a unduna wa zamaphunziro ku Singapore, ndipo adatuluka koyamba mu 1982. Mbiri yawo idamveka kutali ana a dzikolo atatsogola pa masamu m'mayeso a mayiko ambiri otchedwa TIMSS mu 1995. Kenaka banja lina la ku Oregon, Jeffery ndi Dawn Thomas, lidayamba kuwagulitsa ku America mu 1998, ndipo kumeneko ndiko adatchukira pakati pa makolo ophunzitsa ana kunyumba. Amene tili nawo ife ndi a U.S. Edition. Alipo enanso monga Standards Edition ndi Dimensions Math, koma ine ndikamba za amene ndawagwira ndi manja angawa.

Tisanasankhe tidayang'ananso ena. A ACE (Accelerated Christian Education), aja a timabuku totchedwa PACE khumi ndi tiwiri pa phunziro lililonse pachaka, adakonzedwa kuti mwana aziwerenga yekha n'kumadzichongera yekha, ndipo amathandiza kholo lotanganidwa kapena la ana ambiri. A Saxon amaphunzitsa kachidutswa kakang'ono tsiku lililonse n'kumabwereza zakale kosalekeza, zomwe zimamuyenera mwana woiwalaiwala. Onsewa ali ndi eni ake. Ine chimene ndinkafuna n'chakuti mwana wanga adziwe chifukwa chake yankho likutuluka momwemo. Ankatha kuloweza matebulo bwinobwino, koma funso lomwelo ukangolitembenuza pang'ono, ankangoti kakasi.

Apa ndi pamene mabukuwa adandigwira mtima. Mutu uliwonse umadutsa m'magawo atatu: choyamba mwana agwire zinthu ndi manja, kenaka aone kapena ajambule chithunzi, ndipo pomaliza alembe manambala okhaokha. Maganizowa amagwirizana ndi zimene ankaphunzitsa katswiri wa ku America Jerome Bruner m'zaka za m'ma 1960. Zogwiragwirazo simusowa kuitanitsa kunja ayi. Ife tili ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo, nyemba, ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi monga momwe ambirife tinkachitira ku Sitandade 1. Kusiyana kwake n'kwakuti bukuli silithamangira kuzichotsa m'manja mwa mwana. Wamng'ono wathu adatha nthawi yaitali akungophwanya manambala: 8 ndi 5 kuphatikiza 3, kapena 6 kuphatikiza 2, kapena 7 kuphatikiza 1. Zimaoneka ngati masewera. Koma atafika pa 8 kuphatikiza 5, sadawerengenso zala. Adatenga 2 kuchokera pa 5, n'kudzazitsa 8 uja kuti akhale 10, n'kuikapo 3 wotsalayo. Lero mukamufunsa 98 kuphatikiza 47, amakuuzani kuti ndi 147 kuchotsa 2, pamtima, musanapeze n'komwe cholembera.

Chachikulu kwambiri ndi kajambulidwe ka timabokosi, kamene kamayamba pa buku la 3A. Ndipereke chitsanzo kuti mumvetse. Ana awiri ali ndi mango 84 onse pamodzi, ndipo wina ali ndi mango ochuluka katatu kuposa mnzake. Mwana amajambula kabokosi kamodzi ka wochepa uja, ndi timabokosi titatu tofanana ta mnzakeyo. Timabokosi tonse ndi tinayi, ndiye kalikonse kakuimira 21, wochuluka uja ali ndi 63. Basi, zatha.

Pofika buku la 5 mafunso amalimba. Mayi adapita ku msika ndi ndalama, adagula ufa ndi 2/5 ya ndalamazo, kenaka adagula usipa ndi 1/3 ya zotsalazo, n'kubwerako ndi K12,000. Adanyamuka ndi zingati? Ambirife funso lotere tinkaliyamba ndi x, ndiponso titafika kale ku sekondale. Mwana wa mabukuwa amajambula mzere wa timabokosi tisanu, n'kudetsa tiwiri ta ufa. Tatsala titatu, adetsanso kamodzi ka usipa. Tiwiri totsalato ndiye K12,000, kamodzi ndi K6,000, tonse tisanu ndi K30,000. Mwana amaliona yankho ndi maso ake asanalilembe, ndipo ukamufunsa kuti walipeza bwanji, amakulozera pa chithunzi n'kukufotokozera. Kwa ine kufotokoza kumeneko ndiko ndidalipira ndalama.

Tsopano zogula. Chaka chilichonse chili ndi zigawo ziwiri, A ndi B, ndipo chigawo chilichonse chili ndi buku lophunzitsira, buku lolembamo mwana, ndi buku la kholo lotchedwa Home Instructor's Guide. Chonde, lachitatuli musalisiye pofuna kupulumutsa ndalama. Buku lophunzitsira n'lopyapyala, lili ndi zithunzi zambiri ndi mawu ochepa, chifukwa adalilemba poganiza kuti pali mphunzitsi wodziwa njirayi amene waima kutsogolo. Pakhomo mphunzitsiyo ndinu. Mukapanda buku la kholo mudzangobwerera ku njira imene mudaphunzira nokha, ya "tenga wani, ika pamwamba", ndipo phindu lonse la mabukuwa lidzatayika. Buku la kholo limakuuzani zoti mukonze, momwe mungayambire phunziro, masewera oti muchite, komanso lili ndi mayankho. Ine ndimaliwerenga madzulo ana akagona. Buku lophunzitsira ndi la kholo amagwiranso ntchito kwa mwana wachiwiri, mumangogula lolembamo lokha. Pali lina lapadera la Challenging Word Problems, labwino kwa mwana amene amamaliza msanga n'kuyamba kusowa chochita.

Musagule potengera kalasi ya mwana. Pulayimale ya ku Singapore ndi ya zaka 6 pomwe yathu ndi ya zaka 8, choncho buku la 3 si la Sitandade 3. Pa webusayiti ya kampani yogulitsa mabukuwa pali timayeso taulere toonera pamene mwana ali. Wamkulu wathu ankachokera ku Sitandade 3 koma mayesowo adamuika pa 2A. Agogo ake adadandaula kuti tamubweza m'mbuyo, ndipo ndidawamvetsa, poti kwathu kuno kubwereza kalasi kumawawa. Koma mabuku oyambirirawo adawadutsa mwachangu, ndipo maziko amene adapeza m'menemo ndi amene akumunyamula lero pa mafulakishoni ndi madesimo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa zimene aliyense wa kuno ayenera kuzidziwa asanagule. Poti ndi a U.S. Edition, ndalama za m'mafunso ndi madola ndi makobidi a ku America, ma nickel, ma dime ndi ma quarter. Pa miyeso muli mamita ndi makilogalamu, koma mulinso mainchesi, mapaundi ndi magaloni. Mitu ya ndalama ine ndimaisintha yonse kukhala ya makwacha, ndipo timasewera zogulitsana ndi ndalama zenizeni pakhonde. Ndi ntchito yowonjezera imene imagwera kholo. Chinanso, mabukuwa akamaliza mutu amapita pa wina, ndipo ngakhale muli masamba obwereza, mwana woiwala msanga amafuna zochulukirapo. Matebulo timawayeserera patokha m'mawa uliwonse. Mtengo nawo si wamasewera mukawerengera zotumizira, chifukwa mabuku amalemera. Wogulitsa wina wa pa intaneti adatitumizirapo buku lolembamo la mtundu wina losagwirizana ndi lophunzitsira, masamba ake osakumana. Muzionetsetsa kuti mabuku onse atatu ndi a mtundu umodzi, ndipo ngati pali wachibale amene akubwera kuchokera kunja, mupempheni akunyamulireni a chaka chonse kamodzi.

Zonse zili m'Chingerezi. Kwa wamng'ono ndimafotokoza m'Chichewa kaye pamene tikugwira nyemba ndi zitsekerero, kenaka n'kumupatsa mawu a Chingerezi tikafika pa buku. Sizinamuchedwetse. Chimene ndimakondanso n'chakuti ndi mapepala basi: magetsi akathima kapena bandulo ikatha, phunziro limapitirira.

Kumbukiraninso kuti awa ndi masamu okha, si sukulu yonse. Ngati mukufuna kuti mwana adzalembe mayeso a MANEB a Sitandade 8, pezani silabasi ndi mabuku a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, muziyerekeza mitu, ndipo muzimupatsa mapepala a mayeso akale kuti azolowere kafunsidwe ka kuno. Chichewa, sayansi ndi maphunziro a chikhalidwe cha dziko lathu ife timatenga m'mabuku a Domasi omwewo. Ngati mukuloza ku mayeso a sekondale a IGCSE a Cambridge, mukamaliza 6B mudzafunika mabuku ena a sekondale, ndiye yambani kufufuza mwana akadali pa buku la 5.

Ngati mumachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo mukufuna mabuku oti mwana azitsegula yekha, awa sakuyenerani, yang'anani ena aja ndatchula. Ngati mungathe kupatula theka la ola kapena kuposerapo tsiku lililonse, inu ndi mwana ndi chitini cha zitsekerero, guleni chigawo chimodzi chokha kaye, mabuku atatu aja, muyese teremu imodzi. Ife a 6A ndi 6B tawaitanitsa kale.