Dobadoba, intaneti, khoti, London kapena Zomba: kumene ndinaupeza mlandu wa agogo

Chitumizireni pa gulu la banja lathu la WhatsApp chithunzi cha tsamba lomwe pali dzina la agogo anga aamuna, foni yanga sikupuma. Wina akuti agogo ake anagwira ukaidi ku Zomba, wina akuti ake anatengedwa usiku mu 1959, ndipo onse funso lawo ndi limodzi: unayambira pati? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Njira ndinayesa zisanu, ziwiri zinangondidyera ndalama.

Kwathu tinakula tikumva kuti bambo a mayi anga anamangidwa nthawi ya chitaganya "chifukwa cha ndale". Chaka palibe ankachitchula, khoti palibe ankalidziwa.

Ndiyambe ndi chimene chimandiwawabe, dobadoba. Mnzanga wa kuntchito ku City Centre anandilumikiza ndi bambo wina amene amati mafayilo akale amawadziwa ngati chikhatho chake. Tinakumana ku Area 3, atavala jekete, chikwama cha mapepala kukhwapa. Anati K60,000 basi, pakatha milungu iwiri fayilo ili m'manja mwanga. Ndinatumiza pafoni pomwepo. Patatha masiku anayi anaimba kuti ndalama ija inali "yofufuzira", ya thiransipoti ndi ina, K45,000. Kenako ya malo ogona chifukwa akuti fayilo yapezeka madzulo. Kenako ya fotokope. Kenako "ya fanta ya anyamata amene atulutse bokosi". Nthawi iliyonse ankanena kuti "bwana, yatsala pang'ono", ndipo ine poti ndinali nditaponya kale zambiri ndinkaopa kuti ndikasiya zonse zilowa m'madzi. Pomaliza inakwana K170,000, risiti ngakhale imodzi.

Chimene anabweretsa ndi tsamba limodzi lofiira m'mbali, pali dzina lofanana ndi la agogo, mlandu wakuba mbuzi. Ndinagona nalo usiku wonse mtima uli pwetepwete, ndikuganiza kuti mayi ndiwauza bwanji. M'mawa nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mudzi ndi wa ku Mulanje. Agogo anga sanawolokepo Shire moyo wawo wonse. Nditamufunsa, bamboyo anati dzina ndi lomwelo, ntchito wagwira. Mpaka lero sindikudziwa ngati anakweradi basi kapena tsambalo analitola m'chikwama chake chomwe chija.

Yachiwiri, masamba a pa intaneti ofufuzira mibadwo. Limene ndinalowapo linalonjeza masiku 14 aulere koma linafuna kaye nambala ya khadi la kubanki, ndipo tsiku la 15 linadula madola osafunsa. Mukudziwa nokha mmene dola ikusowera muno. Masamba amenewa ndi abwino kwa munthu amene makolo ake anali ku England kapena Australia. Milandu ya khoti la Old Bailey ku London kuyambira 1674 mpaka 1913 ili pa intaneti, yaulere, mawu ndi mawu. Koma mlimi wa fodya wa m'mbali mwa Linthipe simumupezamo.

Kukhoti konkuno ku Lilongwe anandilandira bwino, koma funso loyamba linali nambala ya mlandu ndi chaka. Ndinalibe. Njira imeneyi ndi ya milandu ya posachedwa. Mapepala a nthawi ya atsamunda kwawo ndi ku Zomba.

London ndinaifika ndi kompyuta basi. Kaundula wa National Archives, nyumba yosungira mapepala akale a boma la Britain ku Kew mu London, aliyense akhoza kufufuzamo kwaulere. Makalata a pakati pa bwanamkubwa wa Nyasaland ndi boma la Britain ali m'gulu la CO 525, ndipo mafayilo amene anatengedwa mobisa m'maiko olamulidwa ndi Britain, n'kutulutsidwa kuyambira 2012 chifukwa cha mlandu wa a Mau Mau a ku Kenya, ali mu FCO 141. Ngati kholo lanu linakhudzidwa ndi kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, kapena linali mtsogoleri wa chipani cha Nyasaland African Congress, yang'ananiko. Kukopetsa mapepala ndiye mumalipira mu mapaundi. Milandu ing'onoing'ono ya kumudzi sinkafika ku London.

Chimene chinanditsegula maso si ofesi ayi, ndi azakhali a mayi anga, nkhalamba ya kumudzi kwathu. Ndinapita ndi shuga, sopo ndi chitenje, zonse pamodzi sizinafike kotala ya zimene anadya dobadoba. Nditafunsa za ndale anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa mwana wanga, ndale zake ziti? Achimwene anakana kulima milambala, kapitawo wa malimidwe atabwera anamuthamangitsa ndi khasu. Anawatenga ndi mesenjala, mlandu unakambidwa pabwalo la mfumu yaikulu." Anandiuzanso zinthu ziwiri zimene sindikanazipeza pena paliponse: dzina limene agogo ankalembetsera msonkho silinali limene ife timalidziwa, ndipo mudziwo unkadziwika ndi dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo. Chaka anachikumbukira powerenga kuchokera pa njala ya 1949: dzinja lachisanu njala itatha.

Apa ndi pamene ambiri mukusokera, ndiye ndikhalepo pang'ono. Kumangidwa m'Nyasaland kunali kwamitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse unasiya mapepala ake. Kuyambira 1933 mafumu anapatsidwa makhoti awo, amene ankaweruza milandu yaing'ono ndipo mabuku awo ankayenderedwa ndi bwana DC. Milandu yokulirapo inkapita kwa majisitireti, yakupha ku High Court. Koma amene anagwidwa bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza za chipwirikiti pa 3 March 1959, n'kutsekeredwa ku Kanjedza ku Limbe, kapena ku ndende za ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) za Khami ndi Gwelo kumene kunali Dr Banda, ambiri sanazengedwe mlandu konse. Mukafunafuna chigamulo cha khoti cha munthu wotero mukufuna chinthu chimene sichinalembedwe. Funani mndandanda wa otsekeredwa ndi lipoti la Devlin, woweruza wa ku Britain amene anatsogolera kafukufuku wa chipwirikiticho. N'chimodzimodzinso ambiri amene anakhala ku Dzaleka ndi ku Mikuyu nthawi ya chipani chimodzi.

Ndi dzina lenileni, mudzi, mfumu ndi chaka m'thumba, ndinakwera basi ya ku Zomba, kudzera Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, pafupifupi makilomita 300. National Archives ya dziko lino inayamba mu 1947, ndipo likulu litasamukira kuno mu 1975 iyo inatsala komweko. Mumalemba zimene mukufuna, mumalipira kandalama kokhala ndi risiti, amakubweretserani bokosi, mumawerenga nokha. Musayembekezere kulemba dzina pa kompyuta n'kutuluka yankho. Mumafufuza potsata boma ndi chaka. Tsiku loyamba ndinawerenga malipoti a DC wa Lilongwe, akudandaula za anthu okana malamulo a malimidwe, maso mpaka kuyabwa ndi fumbi. Tsiku lachiwiri chakumasana, m'mapepala a milandu ya makhoti a mafumu, ndinapeza mzere umodzi wolembedwa ndi inki: dzina lamsonkho lija, kalaliki atalilemba mokhota, mudzi wa nyakwawa ija, chindapusa cha mashereni kapena ukaidi. Agogo analibe mashereniwo.

Mzere umodzi basi, palibe mawu amene iwo anayankha pabwalo. Komabe ulendo wonse, basi, chipinda cha masiku awiri ndi nsima, sunafike theka la K170,000 ija. Wondifunsa aliyense ndimamuuza kuti ayambe kumudzi akuluakulu adakali moyo, kenako Zomba, ndipo London akaiyang'ane pokhapokha nkhani ikakhaladi ya ndale. Mwina ndikukondera, poti Zomba ndi kumene ndinalirira pagulu ngati mwana, koma sindisintha.

Malume atachiona chithunzicho pa gulu lija anakhala chete masiku awiri. Kenako analemba kuti kuthamangitsa kapitawo wa boma ndi khasu mu 1954 ndi ndale ndithu, ndipo aliyense wotsutsa akakumane nawo pa ziliza mwezi wa September.