Nissan Leaf ku Blantyre: zomwe zimaikanitsa kutchaja

Yanga ndi galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf ya 2016, ya batire la 30 kWh, yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Yaona nane dzinja lonse ndi kutentha kwa October, ikuyenda pakati pa Chilomoni, Ginnery Corner ndi Limbe. Yakanapo kutchaja kangapo, koma ulendo uliwonse vuto limapezeka kwina, batire lalikulu lomwe anthu amaliopa lija lili bwinobwino.

Chidayamba ndi chingwe. Chimene chimabwera ndi galimotoyi adachipangira magetsi a 200V a ku Japan ndipo chimakoka 15A. Kuno magetsi ndi 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ija fyuzi yake imalekezera pa 13A. Ogulitsa ambiri amangodula pulagi ya ku Japan n'kumangapo yathu. Imagwira ndithu, koma patapita maola pulagi imatentha moti kuigwira sungathe, pulasitiki wozungulira dzino limodzi amada, kenako fyuzi imapsa usiku iwe uli mtulo. Ndidagula chingwe chomwe umachisankhira wekha mphamvu, n'kuchisiya pa 10A. Chimachedwa, inde, koma ukalumikiza madzulo kukacha yadzadza.

Chingwe chatsopanocho nacho chidakana tsiku loyamba, kanyali kofiira kakungophethira. Mmisiri wa magetsi atayeza soketi ya m'galaja adangoseka.

"Bwana, soketi iyi ilibe earth. Waya wake adangomupinda m'khomamu, sapita kulikonse."

Firiji ndi ayironi zakhala zikugwira zaka zonsezi osadandaula, koma chingwe cha galimoto chimayamba chafufuza earth chisadalole magetsi kudutsa. Adakoka waya wakewake kuchokera pa bokosi la magetsi, wokhala ndi breaker yakeyake, n'kukhomeranso chitsulo chatsopano m'nthaka kuseri kwa nyumba. Pa ndalama zonse zomwe ndawonongera galimotoyi, izi ndiye sindizidandaula. Ngati mukukhala nyumba ya lendi, kambiranani ndi alandilodi galimoto isadafike n'komwe.

Chomwe chidandizunguza mutu kwambiri ndi wotchi. Ndinkalumikiza cha m'ma 9 koloko usiku, timagetsi ta buluu ta pa dashibodi n'kuyamba kuthwanima bwinobwino, koma m'mawa ndikupeza batire langokwera pang'ono. Ndinkaganiza kuti magetsi amathima usiku, mpaka mlonda adandiuza kuti getsi la pakhonde limayaka mpaka mbandakucha. Tsiku lina ndidadikira dala: 12 koloko itangokwana, tchaji idaima yokha. Mwini wake wakale adaikamo nthawi yoti izitchaja kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa, pomwe magetsi amatsika mtengo kwawoko. Wotchi ya galimotoyo ikadali pa nthawi ya ku Japan, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi maola 7, ndiye kuno zimatanthauza 4 koloko masana mpaka pakati pa usiku. Pafupi ndi chiwongolero pali batani lokhala ndi chithunzi cha wotchi, ukalidina imayamba pompo osadikira nthawi. Kuti ndifufute nthawiyo mpakampaka ndidachita kuloza kamera ya foni pa sikirini kuti indimasulire Chijapani, mwana wanga akundigwirira tochi.

Kenako kabatire kakang'ono ka 12V, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Anthu amadabwa kumva kuti galimoto yamagetsi ili nako, koma ndi komwe kamadzutsa makompyuta n'kutsegulira batire lalikulu. Kakafooka, galimoto imaonetsa machenjezo osiyanasiyana, kutchaja ayi, kuyenda ayi. Kabwino kamaonetsa 12.6V galimoto itazima, kanga kadali katatsika kufika pansi pa 12. Makaniko wina adayamba kale kunena zoti tiitanitse batire lonse kunja, mtengo wake wogulira galimoto ina. Ndidangogula kabatire ku Limbe, nkhani n'kutha. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kachipangizo kolowetsa pa OBD, soketi yolumikizirapo makina oyezera galimoto yomwe ili pansi pa chiwongolero, kamene kamalankhula ndi pulogalamu ya LeafSpy pa foni, ndipo ndimaona ndekha chomwe chavuta munthu asadandiuze.

Za kuthima kwa magetsi palibe chachilendo. Akabwerera, nthawi zina chingwe changa chimafuna kuchizula n'kuchilowetsanso, ndiye ndimatchaja batire likadali pa theka, osadikira kuti litheretu.

Batire lalikululo lataya timizere tiwiri pa timizere 12 tosonyeza thanzi lake, tomwe limakhala nato likakhala latsopano. La Leaf silizizitsidwa ndi madzi, choncho nyengo yotentha ndimaimika pamthunzi ndipo sinditchaja ndikangofika kuchokera ulendo wautali. Kulidzadza kumandidyera mayunitsi pafupifupi 25. Ku Zomba imafika popanda nkhawa, kungoti pobwerera pamafunika soketi ya m'bale ndi maola angapo ocheza. Kutsikira ku Chikwawa batire limachita kuwonjezekera m'malo motha, koma pokwera mapiri aja tchaji imatha ukuona. Ku Lilongwe ndimakwera basi. Khomo la CHAdeMO lotchajira mwachangu lija sindidalitsegulepo, kupatula popukuta fumbi.