Barbie wodzaza thupi: ndi bwinoko, koma yekha sakwanira

Kuyambira 1959, Barbie, chidole cha ana chooneka ngati mtsikana, ankabwera ndi thupi lamtundu umodzi: chiuno ngati cha mavu, miyendo italiitali, mapazi opindikira nsapato za gogoda. Mu 2016 kampani ya Mattel, yomwe imapanga Barbie, inawonjezera matupi atatu: lalitali, lalifupi, ndi lodzaza limene analitcha Curvy. Lomalizali ndi limene makolo ambiri amafunsa.

Mukamuimika Curvy pambali pa wakale, kusiyana kumaoneka. Ntchafu n'zodzaza, m'chiuno n'motambalala, kamimba katulukako pang'ono. Koma kunena zoona sananenepe, ndi mtsikana wochepa thupi ndithu. Vuto loyamba limabwera pomuveka. Madiresi othina a Barbie wakale amakakamira m'chiuno, kumsana osatsekeka, ndipo mwana sachedwa kunena kuti "uyu ndi wonenepa, sizikumukwana". Kunyoza thupi kumene munkathawa kuja kwalowa m'masewera. Gulani zovala zotanuka, kapena zolembedwa kuti zimakwana matupi osiyanasiyana.

Nkhawa ya makolo, yoti chidole choonda chingachititse mwana kusakhutira ndi thupi lake, ili ndi maziko. Pa kafukufuku wa 2006, Helga Dittmar ndi anzake anaonetsa atsikana 162 a zaka 5 mpaka 8 zithunzi zosiyanasiyana. Amene anaona za Barbie anakhutira mochepa ndi matupi awo, makamaka aang'onowo. Komabe thupi latsopanoli silinathetse nkhaniyi. Kafukufuku wa Jennifer Harriger wa 2019, wa atsikana a zaka 3 mpaka 10, anapeza kuti Curvy ndi amene ankamukana kwambiri n'kumupatsa makhalidwe oipa. Maganizo amenewa mwana amakhala atawatola kale pa TV, pafoni ndi pakamwa pa akuluakulu.

Pophunzitsa mwana kuzindikira mmene munthu akumvera, chidolechi n'choperewera. Nkhope n'njopentedwa, kumwetulira kumodzimodzi, nsidze zosasuntha, pomwe mkwiyo, mantha ndi chisoni zimawerengedwa pansidze, m'maso ndi pamilomo. Mpatawu muutseke ndi mafunso: "Anzake amusiya yekha, akumva bwanji? Nkhope yake ikanakhala yotani? Tandionetsa ndi yako."

Ngati mukugula, musamugule yekha pakati pa oonda asanu, chifukwa amasanduka wosiyana ndi anzake, amene ana amamupatsa udindo wa mayi kapena wantchito. Sakanizani matupi awiri kapena atatu, ndipo Curvy akhale dokotala kapena mwini nkhani. Tinsapato ndi timikanda take n'tating'ono, tingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3.